Khirisimasi yoyamba kudziko lotentha: ndisunge ziti, ndisiye ziti?

Membala wosatchula dzina: Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Takhala ku Glasgow, ku Scotland, zaka 14 ndipo ana athu atatu anabadwira komweko, koma amuna anga anapeza ntchito kudziko lotentha, moti tinasamuka mu Ogasiti. Anawa anazolowera kuti Khirisimasi imadza ndi chisanu, mdima n'kugwa isanakwane 4 koloko madzulo, makandulo akuyaka, nkhukundembo ili mu uvuni kuyambira m'mawa. Tsopano wamng'ono akulira kuti Father Christmas sadzatipeza chifukwa nyumba ino ilibe chumuni choti alowerepo. Katoni ya zokongoletsera mtengo inasowa pa ulendo, apongozi anga sanandiimbirepo foni chisamukire, ndipo amuna anga amangoti ndikudandaula zopanda pake, chonsecho anatisamutsa ndi iwowo.

Gogo wa ku Melbourne: Mwananga, ngati muli ku Australia, uvuni musauyatse masana. Ine chaka choyamba ndinaumirira kuotcha nkhukundembo kunja kukutentha madigiri oposa 35, ndipo alendo anadya okha ine nditagona ndi nsalu yonyowa pamutu. Otchani usiku wa pa 24, mudzadye yozizira. Makandulo musawataye, pakuti kuno anthu amasonkhana panja kuimba nyimbo za Khirisimasi atanyamula makandulo, mwambo wa Carols by Candlelight umene unayamba mu 1938, kungoti dzuwa limalowa itatsala pang'ono 9 koloko.

Mkulu wa mpingo: Mayi, m'funso lanu lonse ndaona nkhukundembo, katoni ndi chumuni, koma dzina la Yesu sindinalionemo. Baibulo silitchula n'komwe tsiku limene Ambuye anabadwa, ndipo umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi wa ku Roma m'chaka cha 336. Luka akunena za abusa amene ankayang'anira zoweta zawo kubusa usiku. Chipale chofewa mwachiwerenga pa ndime iti? Mwanayo muuzeni zoona, osati kumusakira chumuni.

Malume wa ku Dubai: Kodi ndani wanena kuti mayiwa ali ku Australia? Ngati muli kuno, Disembala ndi mwezi wozizirirapo, ndipo vuto lanu lenileni ndi lakuti pa 25 si tchuthi cha boma, choncho bambo apemphe tsikulo kuntchito kudakali nthawi. Chipale chilipo ku Ski Dubai, malo osewerera pa chipale mkati mwa Mall of the Emirates, ngakhale kuti a Mkulu wa mpingo sangachivomereze poti sichinalembedwe mu Luka.

Mkulu wa mpingo: Achimwene, nthabwala zoterezi ndi zimene zawononga ana athu. Ine ndalera ana asanu popanda mtengo wa pulasitiki m'nyumba, ndipo palibe amene anadwala nazo.

Mayi wa mapasa: Bambo, mwana wolira satonthozedwa ndi chaka cha 336. Za katoni ndikukumvetsani mchemwali, chifukwa ine nkhata yanga ya pachitseko, yokhala ndi zibalobalo za paini, anandilanda pa bwalo la ndege ku Sydney, poti malamulo a zomera kumeneko ndi okhwima, ndipo mpaka lero imandiwawa. Wamng'onoyo mupatseni kiyi wakale akoleke pakhomo, mumuuze kuti Father Christmas adzatsegulira ameneyo. Chakudya chotentha chija ena kuno ku Australia amachisungira Julaye, kukazizira.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse, za kiyi ndiyesa. Apongozi aja aimba dzulo, koma anangolankhula ndi mwana wawo.

Malume wa ku Dubai: Mayi, tafunsa kale, kodi muli dziko liti?

Mkulu wa mpingo: Dziko lililonse limene ali, tchalitchi chilipo, ndipo funso langa la ndime ija silinayankhidwebe.