Inegy 10/40, amlodipine ndi erythromycin kwa munthu mmodzi, olemba pepala sakuyankha foni

Tekinishani wa ku Limbe:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, munthu ali pabenchi pano akundiyang'ana. Ndi bambo a zaka za m'ma 50, anadwala mtima chaka chatha ali kwa mwana wawo ku Joni, kumeneko anawayika pa Inegy 10/40, mankhwala otsitsa kolesterolo (mafuta a m'magazi), ezetimibe 10 ndi simvastatin (simva) 40 m'piritsi limodzi. Mwanayo amawatumizira pa basi. Atabwerera kuno kiliniki ina inawawonjezera amlodipine 10 ya BP, pano miyezi iwiri. Lero abwera ndi pepala la erythromycin 500 kanayi pa tsiku masiku 7, ati chifuwa, ndipo penicillin amawatulutsa ziwengo. Ine ndikuwerenga pepala, iwo akusisita ntchafu. Kufunsa, ati ntchafu ndi mapewa zikuphwanya sabata yathunthu, kudzuka pampando mpaka agwirire khoma. A CO (clinical officer) amene analemba ndawaimbira katatu, foni ikungoitana. Abwana a shopu akuti gulitsa, iwe si dokotala. Erythro pa simva ine sindipereka, koma ndiwauza chiyani bambowa? Akuti minibasi iwasiya.

Famasisti wa ku Lilongwe:
Achimwene musapereke erythro imeneyo. Simva imaphwanyidwa ndi CYP3A4, enzaimu ya m'chiwindi, erythromycin ndi clarithromycin zimatseka njira imeneyo, ndiye simva imangochuluka m'magazi. Pa kapepala ka m'bokosi nkhaniyi ili pagulu la zoletsedwa, osati za kusamala chabe. Koma chimene chandiopsa ine si erythro, chifukwa sanayambe kumwa. Ndi ntchafuzo. Simva 40 pamodzi ndi amlodipine yadutsa kale malire, malire ake ndi 20. Afunseni mkodzo ukutuluka wotani. Ngati uli ngati tiyi wopanda mkaka kapena Coke, mwina simva ikusungunula minofu, iwalani za minibasi, apite kuchipatala chachikulu lero lomwe. Inegy asamwe usiku uno.

Mkulu wa ku Zomba:
Ana inu mumawopa kwambiri mapepala. Ine pa kauntala ndakhalapo zaka zoposa 20, simva ndi amlodipine ndapereka kwa anthu osawerengeka, sindinaonepo wogwa. Bambo wa zaka 50 nyengo ino wakhala akulima, ntchafu zingalephere bwanji kuwawa? Ngati 40 ikukuvutani maganizo, auzeni azidula piritsi pakati, ikhala 20. Nkhani yatha. Munthu wodwala mtima simumuchotsa pa statin, gulu la mankhwala ngati simva, chifukwa cha kuphwanya kwa thupi.

Famasisti wa ku Lilongwe:
Bambo, ndi ulemu wonse, piritsi limeneli ndi la mankhwala awiri. Mukadula pakati mwadulanso ezetimibe, yatsala 5, pomwe mlingo wake ndi 10 basi. N'chifukwa chake mitundu yonse imayamba ndi 10: pali 10/10, 10/20, 10/40, 10/80. Piritsilo lilibenso mzere wodulira. Komanso kusintha mlingo si kwa ife pa kauntala.

Tekinishani wa ku Limbe:
Ndafunsa. Mkodzo ati ndi woderapo koma akuti samwa madzi ambiri. Salima, ndi a galimoto za katundu. Malungo anayezetsa dzana, alibe.

CO wa ku ART:
Funso langa ndi limodzi, ndipo palibe amene walifunsa. Ma ARV? Musakhulupirire buku la kuchipatala lokha, ambiri ali ndi mabuku awiri ndipo la ku ART limatsala kunyumba. Ngati ali pa 13A, ya dolutegravir ija, palibe vuto ndi simva. Koma ngati ali pa 7A kapena 8A, muli atazanavir ndi ritonavir, ndipo simva ndi yoletsedweratu, ngakhale 10. Ritonavir ntchito yake yeniyeni ndi kutseka CYP3A4 yomweyo. Pa kafukufuku wa saquinavir ndi ritonavir simva inakwera m'magazi pafupifupi ka 30. Dokotala wa ku Joni mwina sanauzidwe, makamaka ngati mwana anali pambali pa bedi akumva zonse. Atengereni kuseri, musafunse pagulu.

Ine ndinakumana nazo. Mayi wina tinamusintha kupita pa second line, osadziwa kuti kiliniki ya pulaiveti inamuyika pa simva 40. Patatha masabata angapo anabwera atanyamulidwa, miyendo yosayenda, mkodzo wakuda, creatinine, yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ili kumwamba. Anapulumuka ndi madiripu masiku ambiri, koma tinafika poyamba kufunsa za dialysis, ndipo mukudziwa nonse kuti makina amenewo m'dziko muno ndi owerengeka. Cholakwa chinali changanso, sindinafunse za mankhwala ena. Mpaka lero ndimafunsa aliyense kuti atulutse zonse za m'chikwama.

Mkulu wa ku Zomba:
Imeneyo ndi ritonavir, a CO, palibe akutsutsa. Ine ndikunena za amlodipine. Kukwera kwake n'kochepa, sikufika ngakhale kawiri. Kale tinkapereka simva 80 osaphethira. Adule pakati, apite kwawo.

Nesi wa ku Leeds:
Bambo, 80 yomweyo ndi imene inabweretsa malamulowa. Mu 2011 a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, analetsa kuyambitsa munthu watsopano pa simva 80, inangotsalira amene amwa miyezi 12 popanda vuto la minofu. Zinachokera ku kafukufuku wa SEARCH, pomwe pa 80 pafupifupi munthu mmodzi pa 100 aliwonse anavulala minofu, koma pa 20 anali mmodzi kapena awiri pa anthu 6,000. Kuno ku UK a MHRA, bungwe ngati lomwelo, mu 2012 ananena kuti ndi amlodipine kapena diltiazem simva isapitirire 20. Kuno kompyuta imakuwa yokha dokotala akalemba ziwirizi pamodzi, ndipo ambiri anangosamutsidwira ku atorvastatin. Kuti simunaone wogwa sizikutanthauza kuti kulibe. Wogwayo sabwerera ku famase, amakathera ku wodi, ndipo kumeneko amalemba kuti impso basi.

Chinanso, kuno timawafunsa za madzi a grapefruit, chifukwa nawonso amatseka CYP3A4. Kumudzi si ambiri amamwa, koma amene amagula majuwisi a ku South Africa m'masitolo akuluakulu aziwerenga pa katoni.

Wa ku labu:
CK, kuyeza magazi koonetsa kuvulala kwa minofu, ndiye yankho koma kunena zoona malabu ambiri reagent yake kulibe, ku pulaiveti ndi ndalama. Njira ya ife osauka: dipstick ya mkodzo. Ikaonetsa magazi koma pa microscope osaona ma red cell, ganizani myoglobin, yotuluka m'minofu yovulala. Si umboni wathunthu, ndipo ikakhala negative sizikutsuka munthu, koma imathandiza kusankha wothamangira naye. Tumizani ndi creatinine, potassium ndi ALT ya chiwindi. Potassium ndi imene imapha mwachangu minofu ikamasungunuka. Kumene CK ilipo, ikapitirira ka 5 pa malire apamwamba statin imaimitsidwa, ikadutsa ka 10 ndi ululu umenewo ndiye myopathy yeniyeni, matenda a minofu. Ngati n'kotheka TSH, yoyeza chithokomiro, chifukwa chithokomiro chofooka chimakweza kolesterolo komanso chimapangitsa minofu kusapirira statin. Ndipo chonde musawagulitse diclofenac kapena brufen ya ntchafuzo, impso zili kale pa chiopsezo.

Tekinishani wa ku Limbe:
Brufen ndi imene anayamba kufunsa atangolowa. Sindinapereke. Abwana akwiya kuti kasitomala atuluka chimanjamanja.

Famasisti wa ku Lilongwe:
Akwiye. Nambala ya PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase, imene ili pa satifiketi ndi yanu, likadzavuta adzafunsa amene anapereka. Lembani kumbuyo kwa pepalalo mankhwala onse atatu, tsiku limene ululu unayamba, ndi chifukwa chimene mwakanira, bambowo apite nalo. Za chifuwa, a CO akayankha afunseni za doxycycline kapena azithromycin, azithro sigwira CYP3A4 ngati erythro. Koma afunsenso chifuwacho chatha masiku angati. Ngati ndi TB ndiye nkhani itembenuka, rifampicin imachita zosiyana, imatsitsa simva mpaka kutsala pang'ono kutheratu, munthu n'kumamwa piritsi lodula lopanda ntchito.

Mkulu wa ku Zomba:
Nonse mukukamba zoopsa, palibe akukamba za mtima wa bamboyu. Mankhwalawa sanawapatse mwamasewera. Kafukufuku wa IMPROVE-IT wa 2015, anthu opitirira 18,000 amene anali atangodwala mtima, 10/40 yomweyi poyerekeza ndi simva 40 yokha. LDL, kolesterolo woipa uja, inatsika kufika cha pa 1.4 pomwe enawo 1.8, ndipo pa zaka 7 odwalanso anali 32.7 pa 100 poyerekeza ndi 34.7. Mukamuopseza lero sadzamwanso statin moyo wake wonse, adzauzanso anzake ku tchalitchi kuti mankhwala a mafuta amapha miyendo. Ndawaona otere, amabwera patatha chaka ndi sitiroko. N'chifukwa chake ndikuti theka ndi labwino kuposa kusiya. Adule pakati.

CO wa ku ART:
Pa za kuopseza ndikugwirizana nanu bambo, mawu ake asankhidwe bwino. Koma kuima masiku ochepa podikira magazi si kusiya. Zikakhala bwino abwerera pa 10/20, kapena atorvastatin ndi ezetimibe payokha, yomwe ikhoza kupitirira popeza siidutsa ku CYP3A4, imagwira ntchito m'matumbo kutsekereza kolesterolo wa m'zakudya ndi wa mu ndulu. Ubwino wa ezetimibe ndi womwewo, imachotsa cha m'ma 20 pa 100 pa LDL, pomwe kuwirikiza statin kumangowonjezera cha m'ma 6. Akapezeka ali pa atazanavir, atorva ayambe pa 10, rosuvastatin isadutse 10, kapena pravastatin. Tsamba la University of Liverpool la HIV interactions lili pa foni, ndi laulere, tiziligwiritsa ntchito.

Nesi wa ku Leeds:
Ndikuwonjezera za amayi popeza mabokosi a ku Joni amagawanidwa m'nyumba. Oyembekezera ndi oyamwitsa ayi. Wa matenda a chiwindi amene akuvuta panopa ayi. Ali pa warfarin INR, yoyeza kuundana kwa magazi, iyezedwe akayamba kapena kusintha. Ketoconazole ndi itraconazole za kumwa ayi, gemfibrozil ayi, ciclosporin ayi. Fluconazole ya nthawi yaitali ya crypto (cryptococcal meningitis) samalani nayo, colchicine ya gout chimodzimodzi.

Wa ku labu:
Za mabokosi a pa basizi zikundidetsa nkhawa kwambiri. Katoni imayenda masiku awiri pansi pa basi kudutsa Tete kotentha kuja, palibe amene akudziwa kuti yafika bwanji. Ndipo munthu amamwa chaka chonse osayezetsa lipid ngakhale kamodzi, ALT osayezetsa, chifukwa dokotala wake ali dziko lina ndipo wa kuno sakudziwa kuti mankhwalawo alipo. Sabata yatha wina anabwera ndi mapiritsi m'kapepala ka shuga, dzina lake osalidziwa, akuti mlamu anatumiza. Kodi ezetimibe payokha ikupezeka kwa ma wholesaler a ku Blantyre? Kuno takhala tikuisowa.

Famasisti wa ku Lilongwe:
Imabwera mwa apo ndi apo, ya ku India, mtengo umasintha ndi forex. Atorva ndiye sisowa. Amene ali ndi ezetimibe 10 andiuze kumbali, ndili ndi odwala awiri akudikira.

Tekinishani wa ku Limbe:
Ndawatengera kuseri. Poyamba anakana, kenako akuti alipo ena amene amakatenga miyezi itatu iliyonse, koma mwana wawo sadziwa. Dzina sakulidziwa. Akuti ndi mabotolo awiri, osati limodzi, ndipo anawasintha chaka chino. Maso atayamba kuoneka achikasu pang'ono sanadabwe poti anawachenjeza. A CO a ku ART, mabotolo awiri ndi maso achikasu, si atazanavir imeneyi? Ndikufuna kabaza awaperekeze kuchipatala koma akuti ayambe akatenge galimoto ya abwana awo ku Chirimba.

CO wa ku ART:
Ndi yomweyo mpaka titatsimikiza kuti si yomweyo. Asayendetse galimoto, apite pano. Ndiimbireni, ndikupatsani mawu oti mulembe pa pepala.

Mkulu wa ku Zomba:
Ngati ndi atazanavir ndiye asiye, sindikutsutsa. Koma pa amlodipine yokha ndikanadulabe pakati.

Wa ku labu:
Achimwene a ku Limbe, anapita? Creatinine yatuluka bwanji?

Nesi wa ku Leeds:
Achemwali a ku Lilongwe, ezetimibe ya ku India ija ndi ya kampani iti? Amayi anga ku Dedza akufunika yomweyo.