Kodi Quasimoto ndi Madlib ndi munthu mmodzi?

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, ine ndimapanga mabiti pa kompyuta kuno ku Chipata, ndipo masiku ano ndikumvetsera kwambiri chimbale cha The Unseen cha m'chaka cha 2000. Pachikuto analembapo Quasimoto, koma mnzanga wina akulimbikira kuti mawu opyapyala aja, omveka ngati a mwana, ndi a Madlib yemwe, amenenso anapanga mabiti ake. Ngati zili zoona, n'chifukwa chiyani munthu waluso chonchi anasankha kubisala kuseri kwa dzina lina?

Wa ku Katete:
Mnzanuyo sakunama, achimwene. Madlib, amene dzina lake lenileni ndi Otis Jackson Jr., anabadwa mu 1973 ku Oxnard, m'chigawo cha California, ndipo anayamba kudziwika ali m'gulu la Lootpack, lomwe chimbale chake chinatuluka mu 1999 kudzera ku kampani ya Stones Throw. Iye sankakondwera ndi mawu ake akuluakulu, choncho ankachepetsa liwiro la tepi, n'kujambula rapu yake modekha, kenako n'kuithamangitsanso kuti biti ibwerere mwakale, mawuwo n'kukwera okha. Pazithunzi Quasimoto ndi kanyama kachikasu kogwira njerwa, ndipo amalankhula zamwano ndi zachipongwe, mwina n'kumatsutsana ndi Madlib m'nyimbo imodzimodziyo. Ife amene tinakulira pafupi ndi Mkaika sitidabwa nazo, pakuti chilombo cha Gule Wamkulu chikalowa m'bwalo chimaloledwa kuchita ndi kudzudzula zimene munthu wamba sangayerekeze.

Wa ku Lundazi:
Zimene afotokoza akulu anga a ku Katete n'zoona, komabe ine ndikuona kuti Quasimoto amapatsidwa ulemu wopyola muyeso, popeza mbiri yeniyeni ya Madlib yagona pa ntchito yopanga mabiti. Mu 2003 kampani ya Blue Note inamutsegulira nkhokwe yake ya nyimbo za jazi, iye n'kupanga nazo chimbale cha Shades of Blue. Chaka chomwecho anagwira ntchito ndi wopanga mabiti mnzake J Dilla, ndipo mu 2004 anapanga chimbale cha Madvillainy limodzi ndi woimba rapu MF DOOM, yemwenso ankavala chigoba chachitsulo kumaso. Ngakhale gulu lake la jazi la Yesterdays New Quintet linali la oimba ongopeka, zida ankaimba yekha. Inu amene muli ndi kompyuta musadandaule za situdiyo yodula, chifukwa mabiti a chimbale cha Bandana cha mu 2019, chomwe anachita ndi woimba rapu Freddie Gibbs, anawapangira pa iPad.

Wa ku Petauke:
Ndiwonjezepo za kwathu kuno. Munthu wina wa ku America wotchedwa Egon, amene anagwira ntchito ndi Madlib kwa zaka zambiri, ndiye mwini wa Now-Again Records, kampani imene inatulutsanso nyimbo za Zamrock, zomwe ndi nyimbo za rock za kuno ku Zambia za m'ma 1970, za magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Achimwene a ku Kapata, musanaganize zopeka dzina lachiwiri, yambani mwafunsa makolo anu ngati malekodi a zaka za m'ma 1970 akadali m'sutikesi, ndipo mukafuna kudulamo kachigawo kena koika m'mabiti anu mupemphe chilolezo kwa eni ake.