Ndani winanso anabadwa pa 14 Malichi?

Anzanga ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi anabadwa pa 14 Malichi nde ndikufuna ndimulembere kakhadi kokhala ndi mayina a anthu otchuka obadwa tsiku lomweli, mwina angalimbikire sukulu. Ndapezapo Albert Einstein wasayansi uja, 1879, Stephen Curry wa basiketibo 1988, komanso Simone Biles 1997, uja wamasewero ojowajowa anakokolola mamendulo agolide ku Olympics, ameneyu nde wandisangalatsa heve poti ndi mtsikana mnzake. Quincy Jones wanyimbo ndi Michael Caine wamafilimu anachita kubadwa chaka chimodzinso, 1933. Koma onsewa ndi akutali. Alipo wa mu Africa amene mukumudziwa, kaya dokotala, wolemba mabuku, kaya wampira? Mundiuzenso chaka chake chonde.