Digiri ya kompyuta ndili nayo, koma mtima wolemba code wandithawa

WaKuChilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinamaliza computer science chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo ndangokhala kwa achimwene kuno ku Chilomoni. Makalata ofunsira ntchito ndatumiza mpaka kutopa. Ambiri sayankha n'komwe, ena amati malowo ndi a ongoyamba kumene koma akufuna munthu woti wagwirapo kale zaka zitatu.

Ulova wokhawo ndikanapirira. Chimene chikundiopsa n'chakuti laputopu ndikaitsegula ndimangoyang'ana VS Code, pulogalamu yolemberamo code ija, kenako ndatseka, ndili pa Facebook. Kusukulu ndinkachezera usiku kusaka pamene pulogalamu yalakwika, ndipo zinkandikoma. Pano ndikayamba phunziro la React (chida chopangira mawebusaiti) pa YouTube, bandulo imatha ndisanafike pakati, apo ayi magetsi azima, mawa lake mtima palibenso. M'dera muno ndine "wa makompyuta uja", ntchito yanga kuika Windows ndi kutsegula mafoni amene ana aiwala password. Ngongole ya Loans Board nayo ikundidikira. Inu amene munadutsamo munatani? Kapena ndingoyamba geni ya kaunjika ngati anzanga ena?

NaBanda_Dev:
Mphwanga, ulesi ulibe iwe. Kusukulu kunali mphunzitsi wokuuza kuti Lachisanu ntchito ikhale itafika. Pano palibe amene akudikira chimene ukulemba, ndiye ukatseka laputopu palibe wodandaula. Maphunziro a pa YouTube sadzakufunsa kuti wafika pati.

Ine chinandidzutsa ndi banki mkhonde ya amayi anga ku Area 25. Chaka chikamatha, pogawana ndalama pamakhala phokoso, chifukwa zonse zili m'kope limodzi la mlembi: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa kumsonkhano. Tsamba lina linagwera madzi, manambala anafufutika. Ndinawalembera kapulogalamu ka pa Android, ndinapita nako kumsonkhano ndikudzimva. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti pagulu lonse mafoni a intaneti anali a anthu ochepa chabe, enawo ndi timafoni ta mabatani. Mlembiyo anali nayo, koma bandulo amagula ya WhatsApp yokha. Ndinabwerera kukalembanso kuti zonse zizisungika m'foni momwemo ndi SQLite (kapulogalamu kosungira deta) popanda intaneti, ndipo msonkhano ukatha membala aliyense azilandira SMS yomuuza masheya ake ndi ngongole yotsala.

Ndiye amayi aja sakusiya ugone. Lamlungu m'mawa foni yalira: "Mwana wa a NaPhiri, apa chiwongoladzanja chalakwika, mayi uyu anabweza theka pakati pa mwezi." Zobweza theka ine sindinaziganizireko, m'buku la kusukulu munalibe. Usiku umenewo ndinachezeranso ngati kale. Ndalama sanandipatse, anandipatsa nkhuku. Koma pa interview imene ndinapezera ntchito, za magiredi anga sanafunse kwambiri, nthawi yambiri tinathera pa kapulogalamu komweko.

Yang'ana pafupi: wa golosale amene amalemba ngongole m'kope, sukulu ya pulaiveti imene ikulemba malipoti a ana pamanja, wa Airtel Money kapena Mpamba amene madzulo ndalama sizimugwirizana. Sankha mmodzi, makamaka wovuta, woti azikuimbira.

Malume_Network:
Achemwali mwalankhula bwino, koma nkhuku siigula bandulo. Mwana uyu akufunika ndalama kaye. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu ikafa lero kugula ina ndi nkhani yaikulu, ndiye munthu wopanda kanthu m'thumba sangalembe code mtima uli m'malo.

Iwe mphwanga, Windows ukuikayo umalipiritsa? Ngati ukuika ulere chifukwa ndi anansi, leka lero. Lemba mitengo papepala, mata pachitseko. Ine ndinayamba ndi kukoka mawaya a network m'denga la maofesi, fumbi thoo m'mutu, digiri ili m'chikwama. Pita ku masekondale a pulaiveti ukafunse ngati akufuna wophunzitsa Computer Studies. Boma likalengeza za ma intern kudzera ku Unduna wa Zantchito, lembetsa, ngakhale akakuike ku ofesi ya DC kokonza maprinta. Ndipo kaunjika usamunyoze, alipo anzathu amene masana ali pa msika, usiku ali pa GitHub, webusaiti imene olemba mapulogalamu amaikapo code yawo.

WaZaumoyo:
Ndiwonjezereko mbali imene ophunzira ambiri saiona. Ntchito zambiri za mapulogalamu m'dziko muno zili ku zaumoyo. A Baobab Health Trust anayamba kalekale kuika makompyuta ogwira ndi chala polembetsa odwala ku Kamuzu Central, ndipo ena odziwa code kuno anaphunzirira ku Baobab komweko. Malipoti a zipatala za m'maboma amalowa mu pulogalamu ya DHIS2, imene inapangidwa ku University of Oslo. Ku Neno, a Partners In Health agwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala, kwa zaka zambiri. Ziwiri zonsezi code yake ili poyera pa GitHub, ndipo DHIS2 ili ndi malo oyeserera aulere pa intaneti okhala ndi manambala ongoyerekeza a ku Sierra Leone. Ukaidziwa bwino DHIS2, limodzi ndi SQL (chilankhulo chofufuzira deta), mabungwe sakuona ngati wongochoka kusukulu. React aliyense akuphunzira, izi ndi ochepa.

WaKuChilomoni:
Zikomo nonse. Malume, mwandigwira pamenepo, anansi ndimawaikiradi ulere, achimwene akhala akundinena. Pepala la mitengo ndilemba.

Achemwali a NaBanda, alamu anga ali ndi kagolosale ku Nthukwa, ndipo kope lawo la ngongole ndi limene amakanganirana ndi makasitomala mwezi ukatha. Ndikawaona Loweruka. Funso langa ndi la ma SMS aja: munkatumiza kuchokera pa SIM ya mlembi momwemo, kapena munalipira kampani yotumiza mauthenga ambiri? Chifukwa ngati n'zolipira pamwezi, alamu angawo ndikuwadziwa, sangavomere.