Gemu ikudukizadukiza: ndiyambe ndi SSD kapena RAM?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kompyuta ili ndi RAM (memory yosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito) imodzi ya 8GB, hard disk ya 7200 rpm, ndi graphics card ya 6GB. FPS (chiwerengero cha zithunzi zooneka pa sekondi) imakhala pa 60, koma ndikangolowa dera latsopano mu gemu chithunzi chimaima kaye pang'ono, makoma n'kuoneka ngati opakidwa matope asanayambe kuoneka bwino. Ndisinthe chiti choyamba?

Mkonzi_PC:
Musanagule kanthu, yezani kaye. Gemu ili mkati, dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance, muyang'ane Memory ndi Disk. Mukaona Memory yadutsa 90% ndipo Disk ikugunda 100% nthawi yomwe chithunzi chikuima, ndiye kuti RAM yadzaza, Windows ikukhuthulira zotsala mu page file, fayilo yomwe imagwira ntchito ngati RAM yoonjezera. Page file imeneyo ili pa hard disk yomweyo imene gemu ikuwerengapo mapu.

Apa ndi pamene pagona vuto. Pa 60 FPS chithunzi chilichonse chili ndi 16.7 ms basi. Kamutu ka hard disk kamatenga pafupifupi 10 ms kuti kangofika pomwe pali fayilo. Kakadumpha kawiri katatu, nthawi yatha kale, gemu n'kuima kudikira.

Kachipangizo:
Ndionjezerepo za SSD (chosungira mafayilo chachangu chopanda kamutu koyenda ngati ka hard disk), chifukwa ambiri amaiyembekezera zimene singachite. Siikweza FPS. Ntchito yake ndi kufupikitsa loading ndi kubweretsa ma texture (zithunzi zokutira makoma ndi zinthu zina mu gemu) msanga, ndiye matope aja atha. Hard disk imawerenga 100 mpaka 200 MB pa sekondi, SSD ya SATA pafupifupi 550, SSD ya mtundu wa NVMe (ya PCIe 3.0) mpaka 3,500. Koma m'magemu ambiri kusiyana kwa SATA ndi NVMe n'kochepa, poti purosesa imayenerabe kumasula mafayilo opanikizidwa. Phindu lalikulu lili pochoka pa hard disk. Windows ndi gemu zonse zikhale pa SSD, ndipo musaidzaze thothotho, imachedwa kulemba.

FrameTime:
Ine ndikuti yambani ndi RAM. Magemu atsopano 8GB siwakwanira, makamaka Chrome ndi Discord zikakhala zotsegula kumbuyo. Pezani inzake ya 8GB yofanana mtundu ndi liwiro kuti zikwane 16GB. Ngati motherboard ili ndi malo anayi, nthawi zambiri amaika pachiwiri ndi pachinayi kuchokera ku purosesa, A2 ndi B2. Zikatero zimagwira ntchito ngati dual channel, kutanthauza kuti zonse ziwiri zimanyamula deta nthawi imodzi: RAM ya DDR4-3200 imodzi imanyamula 25.6 GB pa sekondi, ziwiri 51.2. Kenako lowani mu BIOS (ma settings a motherboard) muyatse XMP, yomwe imayendetsa RAM pa liwiro lake lonse, apo ayi ikhoza kumangoyenda pa 2133 m'malo mwa 3200.

Musaiwale 6GB ya pa card ija. Ma texture a Ultra akaidzaza, zotsala zimasefukira mu RAM, kudukiza n'kubwereranso. Atsitseni mu ma settings a gemu afike pa High. Page file yokha musaizimitse, gemu idzangotsekeka RAM ikadzaza.

Mkonzi_PC:
Zoona, koma ngati Memory yaima pa 70% pamene Disk ili pa 100%, RAM ilibe mlandu, SSD ndiyo iyambe. Wofunsa, tiuzeni manambala awiriwo.