Laser yanga ikuthimathima, kodi ndigule driver yopangiratu?

Wa tochi yofiira: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndinachotsa diode ya laser yofiira ija ya 650nm, kachipangizo kotulutsa kuwala, mu DVD writer ya kompyuta yakufa n'kuiika m'chigoba cha tochi. Driver, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku diode, ndinalumikiza ndekha: chip ya LM317, rezista ya 5 ohm, ndi mabatire awiri a 18650 ochokera mu laputopu yakale. Sabata yoyamba inkaboola jumbo lakuda bwinobwino. Pano ikuthimathima, ndipo ikayaka theka la mphindi kadontho kamazilala. Pa AliExpress ndaona ma driver opangiratu, aang'ono ngati batani la malaya. Ndiitanitse?

Mkonzi wa mawailesi: Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Mwanena matenda awiri, osati amodzi. Kuthimathima nthawi zambiri ndi polumikizira: swichi ya kumbuyo, sipuling'i yofooka, kapena pamene munawotcherera. Mukaigwedeza imasintha?

Wa tochi yofiira: Imasintha, madala. Ndikaimenya pachikhatho imawala kwambiri.

Mkonzi wa mawailesi: Kumenyako siyani lero lomwe. Ngati waya womasukayo ali pakati pa driver ndi diode, capacitor ya pa driver, yomwe imasunga magetsi, imadzaza pamene walekana, ndiye akagundananso imakhuthulira zonse mu diode kamodzi. Ikafa choncho imangowala mofooka ngati ka LED ka pa wailesi, ndipo palibe driver ingaidzutse.

Wophunzira zamagetsi: Ine ndikuti gulani. LM317 ndi yodya zambiri. Diode ikufuna mavoti pafupifupi 3, rezista ikutenga 1.25, chip nayo ikufuna ena pafupifupi 2 kuti igwire ntchito. Ndiye mabatire akatsika kufika cha m'ma 6, kuwala kumayamba kugwa. Akakhala odzaza pa 8.4, zotsalazo zimasanduka moto, pafupifupi 1 watt m'kachigoba kotsekeka. Driver yopangiratu ya mtundu wa buck, yomwe imatsitsa mavoti osataya mphamvu yambiri, sitentha choncho.

Mkonzi wa mawailesi: Masamu mwakhoza, aphwanga, koma mabatire abwino awiri satsika kufika 6 m'theka la mphindi pa 250mA imene driver yakeyo ikupereka. Ngati akutsika, mmodzi ndi wakufa. Za m'laputopu yotayidwa mukuzidziwa: pa mita batire imaonetsa 4.1 monyada, mukangoipatsa katundu yagwada. Driver yatsopano idzagwada nayo limodzi.

Mayi wa pa benchi yokonza mafoni: Ndipo musathamangire mabatire olembedwa 9900mAh aja. 18650 yeniyeni imathera cha pa 3500mAh. Ndinagulapo awiri, opepuka ngati muli mphepo, sanathe ndi mwezi womwe. Koma funso langa ndi lina: diodeyo mwaikhazika m'chiyani?

Wa tochi yofiira: Ndinangoimata ndi guluu m'kapulasitiki ka lens.

Mayi wa pa benchi yokonza mafoni: Ndiye kuzilalako mukudabwa nako? Diode yofiira ikatentha mphamvu imatsika, ikazizira imabwerera, mpaka tsiku lomwe sidzabwereranso. Imafunika kukanikizidwa mu module yachitsulo ya 12mm, moduleyo n'kulowa mu aluminiyamu. Ngati pali chogula, ndi chimenecho.

Wophunzira zamagetsi: Chabwino, koma driver yopangiratu imachepetsa mawaya olendewera. Kuthimathima kwambiri kumachokera m'mawaya omwewo.

Mkonzi wa mawailesi: Apo ndavomera theka. Koma nayonso imafunika kuwotcherera, pa timalo tating'onoting'ono, ndipo ina imabwera itatcheredwa pa current yoposa imene diode yanu ingapirire. Yesani kaye yomwe muli nayoyi. Chotsani diode, m'malo mwake ikani ma diode wamba a 1N4001 anayi mondondozana ndi rezista ya 1 ohm. Pimani pa rezistayo: 250mV ndiye kuti 250mA. Nambala ikakhazikika kwa mphindi ziwiri uku mukugwedeza mawaya, driver ilibe mlandu. Musanabwezere diode, gunditsani miyendo ya capacitor kuti ikhuthuke.

Mayi wa pa benchi yokonza mafoni: Magalasi oteteza maso muli nawo? Osati a dzuwa ayi, olembedwa kuti amatchinga 650nm. Laser yoposa 5mW ndi yoopsa kale, yanuyo ingafike cha m'ma 200mW. Poti ikuzimazima mudzafuna kusuzumira ku lens, ndiye nthawi yomweyo idzayaka.

Wa tochi yofiira: Ndilibe, amayi, ndachita manyazi. Ndapima monga mwanenera. Batire imodzi ili pa 4.0 ikugwira ntchito, inayo ikugwa mpaka 2.6. Sipuling'i nayo inali ndi dzimbiri, ndaipala ndi sandipepa. Ndi batire yobwereka, mita yaima pa 249mV osasuntha. Ndaitanitsa magalasi ndi module, diode ndaisunga m'kabotolo mpaka zifike.

Wophunzira zamagetsi: Mukadzafuna ya buluu ya 445nm mudzandifuna. Imeneyo pa LM317 ndi mabatire awiri sipita patali.