Tebulo lopinda lokonzerapo ma ski: tigule kapena tikhometse konkuno ku Mzuzu?

Nachisale_Katoto:
Abale ndithandizeni nzeru, koma musayambe ndi kundiseka. Mlongo wanga wamng'ono chaka chatha anapeza ganyu ku Lesotho, kumalo aja amatsetsereka pa chipale chofewa otchedwa Afriski, ankagwira mbali yobwereketsa ma ski, timatabwa tatitali tovala kumapazi potsetsereka, ndi nsapato zake kwa alendo. Panopa ali nafe kuno ku Katoto, abwerera mu May poti nyengo yake imakhala June mpaka August. Kumeneko anaphunzirako kupaka phula kunsi kwa ski ndi kunola chitsulo cha m'mphepete chija, ndiye akufuna katebulo kakekake kopinda koti azinyamula, azizolowetsa manja akaweruka, mwinanso kumakonzera anthu n'kupezako yogulira ndiwo. Wandionetsa pa foni matebulo a makampani a Swix ndi Toko, ine nditawerengera mtengowo mu kwacha ndinangozimitsa foni n'kukateleka nsima. Wotulutsa ndalama ndine, ndipo sukulu fizi ya ana ikundidikira. Kodi tingakhometse kwa akalipentala konkuno likagwira ntchito? Kapena pali lotchipa limene mukulidziwa?

JahMan_Chibavi:
Kkkkk asisi kuzizira kwa Mzuzu mu July sikukumukwana mlongo wanuyo mpaka akasake kwina? Timupititse ku Nyika akagone panja usiku umodzi, abwera atachira.

Mmisiri_Luwinga:
Mayi, ski ine sindinaigwirepo ndi manja, koma tebulo ndi tebulo, ndakhoma ambiri. Lopinda lili ndi matenda amodzi, kugwedera. Mukangoika mahinjesi pamiyendo mwaika kale malo oti lidzayambire gwedegwede. Ndinakhomerapo mayi wina wogulitsa zitumbuwa lotere, ndinagula timahinjesi totchipa tija topyapyala ngati chitini, sipanathe mwezi mwendo unapindika wokha beseni lonse pansi, mpaka lero tikakumana pamsika amandipatsa moni wa m'mphuno. Chiyambire pomwepo ndimamanga ndi mabawuti odutsa mbali zonse, wasala uku ndi uku, nati yake ya mapiko yomanga ndi zala, kenako thabwa lopingasa kuchoka pamwendo kufika pakati pa tebulo.

Za matabwa, paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka ndipo tili naye pafupi, koma samalani, wambiri amene akugulitsidwa amakhala wosauma, ndiye ndi chinyezi chathu chakunochi mumakhoma lili bwinobwino, pakatha masabata atatu lapotoka ngati chikwakwa. Pamwamba pake ndingakonde pulayiwudi ya 18 mm, mapisi awiri omata ndi guluu. Kutalika kuchoka pansi musafunse ine, muimikeni mnyamatayo muyeze pachiuno pake, ambiri zimagwera pa masentimita 85 mpaka 90. Likafupika msana udzamuuza.

Chiputula_Lillehammer:
Achemwali, ine kwathu ndi ku Chiputula koma ndili ku Norway, ndipo ntchito imeneyi ndimaigwira nyengo yozizira mushopu ina kuno. Amdala a ku Luwinga anena zoona za kugwedera, ndingowonjezera zimene sangazidziwe poti sanaione ski.

Choyamba, ndalama zisathere pa tebulo. Chofunika kugula chenicheni ndi vayisi ya ski, ija imabwera zidutswa zitatu, chapakati chimagwira ski pomwe pamakhala nsapato, ziwiri zinazo zimachirikiza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo imalola kuigoneka ski chagada popaka phula kapena kuiimika cham'mbali ponola. Imeneyo imamangidwa pamlomo wa tebulo lililonse. Ndiye muwauze amisiriwo asiye mlomo wotuluka kunja masentimita 5 kapena 6 mopanda thabwa lotchinga kunsi, apo ayi vayisi isowa poluma. Ndinaonapo mnzanga atagula katebulo kokongola ka pulasitiki ka kumapikiniki, kumanga vayisi pulasitiki n'kufwamphuka, anangotsala atagwira ski m'manja ngati khasu.

Ski ya munthu wamkulu imakhala masentimita 150 mpaka 185 chakuti, koma tebulo silifunika kufika pamenepo, 120 yakwana, nsonga zimatuluka kunja palibe vuto. Chachikulu ndi ichi: mphamvu yonse imapita m'litali. Ukapaka phula ndi ayironi n'kulisiya lizizire, umalipala ndi kapulasitiki kolimba kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo, ukukankha ndi thupi lonse, kenako bulashi chimodzimodzi. Ndiye thabwa lopingasa lija likhale m'litali, osati m'lifupi. Ponola ndiye pamavuta zedi, tupa imayenda ndi kachitsulo koitsogolera kuti m'mbali mutuluke madigiri 88 kapena 89, kunsi digiri imodzi kapena theka lake. Tangoganizani, digiri imodzi, tebulo likuvina beni. Umangodya chitsulo cha mwini wake ndipo chikadyeka sichibwerera.

Ku Afriski chipale chambiri chimakhala chopanga ndi makina, choterocho ndi cholimba, chimabunthitsa ski msanga, ndiye ntchito yonola aipeza ndithu. Komanso malo aja ali pamwamba kupitirira mamita 3,000 ndipo nyengo yozizira mpweya wake ndi wouma, thabwa laliwisi lochoka mu mvula ya Mzuzu likafika kumeneko lidzafota mabawuti onse n'kukhwepa. Atenge sipanala.

Nachisale_Katoto:
Achimwene a ku Norway zikomo, ndamuwerengera ali pompano akungogwedeza mutu. Akuti ndifunse, ayironi yositira zovala ingagwire? Tili nayo ina yakale yamagetsi.

Chiputula_Lillehammer:
Pophunzirira pa ski yakutha ingagwire, bola ikhale yopanda timabowo ta nthunzi ndipo asadzasitirenso malaya. Vuto lake kutentha kumakwera n'kutsika mwachisawawa. Phula lililonse limalembedwa pa paketi kutentha kwake, ambiri kuyambira madigiri 120 mpaka 150, likayamba kufuka utsi ndiye kuti wapyola, ndipo ayironi isaime malo amodzi, imawotcha kunsi kwa ski. Pa ski ya kasitomala agule yakeyake. Simbi yamakala ija asaiganizire n'komwe kkk. Asagulenso phula lokhala ndi mankhwala otchedwa fluor ngakhale wina amugwetsere mtengo, bungwe la FIS, loyendetsa masewera a ski padziko lonse, linaliletsa pa mipikisano kuyambira nyengo ya 2023/24, ndipo utsi wake si wabwino kupuma m'kachipinda kotseka. Chimodzi chokha chimene angatenge kwathuko kwaulere ndi malegeni a chubu cha njinga, omangira timabuleki ta ski tija kuti tisamatchinge tupa. Kuno anthu amagula mphira wake mushopu, ine ndimangoseka.

Mzimba_mu_Joni:
Nonse mukukamba za matabwa koma palibe watchula basi. Ine msewu wa Mzuzu mpaka Johannesburg ndauyenda kangapo, katundu wamtali amamulipiritsa payekha, amatsitsidwa pa boda iliyonse, pamwamba pake amasanjikapo matumba a mpunga wa Kilombero ndi usipa wa anthu, ndiye kuchoka Joni pali ulendo winanso wa ku Butha-Buthe. Tebulo lathunthu la paini lifika lili zidutswa, ndalama yonyamulira n'kuposa yokhomera. Ine ndikuti afike kaye kuno. Pa Facebook Marketplace pamapezeka mabenchi opinda aja a Black & Decker otchedwa Workmate akaunjika, anthu amagulitsa akamasamuka. Paja amene anaitulukira, Ron Hickman, anabadwira ku South Africa konkuno. Imapindika n'kukhala phwatalala, ndipo pamwamba pake pamatseguka n'kupana chinthu ngati vayisi.

Mmisiri_Luwinga:
Bwana wa ku Joni, mukundichotsera nsima pakamwa koma mwanena zomveka. Chinthucho ndinachionapo kwa m'busa wina, ndi chachifupi, masentimita 120 sichifika. Koma nzeru ilipo: ine ndikhome pamwamba pokha, pulayiwudi 120 kwa 30, kunsi ndimange kathabwa koti benchi ija izikapana. Ndi thabwa limodzi basi, amalikulunga m'bulangete n'kulowa nalo m'basi ngati chithunzi cha ukwati.

Chiputula_Lillehammer:
Imeneyo ndiye ambiri amachita ngakhale kuno. Ndi yopepuka ndiye popala imafuna kutsogola, koma ili ndi popondera phazi kunsi, apondepo kapena aikepo chigubu cha malita 20 chodzaza madzi. Pogula yakaunjika aitsegule, aigwire m'mphepete aikankhe m'litali ndi mphamvu, ikalira kapena kupendama aisiye ayang'ane ina. Ndipo asanayambe kukonzera anthu payekha afunse kaye mabwana ake ngati amalola, asataye ntchito chifukwa cha ganyu.

Nachisale_Katoto:
Chabwino, tagwirizana chonchi: vayisi ndi benchi akagula ku Joni, ine ndilipira thabwa lokhalo ndi kumuwonjezera pang'ono ya vayisi, ayironi agule yekha akalandira. Za kufunsa mabwana ndamuuza kawiri, wayankha ndi mphuno, ndimuuzanso amayi ali pomwepo. Amdala a ku Luwinga, Loweruka m'mawa mumatsegula? Tibwera naye ndi tepi, ndipo pulayiwudiyo ndikufuna ndiione ndekha musanamate.